Foda ya Malipoti a Feteleza

1

Mukafunsa kwathu chimene chinathetsa banja langa, aliyense akuuzani kuti ndi kompyuta. Amayi anga amatero, anansi amatero, ngakhale amene anali amuna anga amatero. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikugwedeza mutu kuvomereza. Lero khosi latopa.

Ine ndine telala. Ndimasokera pakhonde, makina anga atayang'ana kumsewu. Amuna anga anali mlangizi wa zaulimi, munthu wa njinga yamoto ndi kamera yolendewera m'khosi. Ankajambula chilichonse: munda wa nyemba, mbuzi yodwala, mulu wa manyowa. Akafika kunyumba ankathira zithunzizo mu kompyuta n'kulemba mawu pansi pa chilichonse, tsiku lake ndi malo ake, ngati kuti mbuziyo idzakana mlandu.

Tinakhala m'banja zaka khumi ndi zinayi popanda mphatso ya mwana. Sindichulukitsa gaga pamenepa. Amene anadutsamo akudziwa mmene anthu amayambira kukuyang'ana pamimba asanakuyang'ane kumaso.

Komabe m'nyumba mwathu munali mwana. Mng'ono wanga, amene tonse timangomutcha Mzime poti ndiye womaliza kubadwa, anabereka mwana wamkazi, n'kunena kuti bambo ake ndi dalaivala wa lole amene anapita osatembenuka. Mwanayo atasiya kuyamwa ndinamutenga, kuti Mzime abwerere kusukulu. Ankakwawira pansi pa makina anga kukatola mabatani, mpaka dzina linamukakamira: Kabatani. Ine ankanditcha amayi, amuna anga ankawatcha ababa, ndipo Mzime ankangomuti amayi aang'ono.

Pakhoma la pabalaza panali chithunzi chake ali wa tsiku limodzi, atafunda shawelo yachikasu imene ndinaluka ndekha. M'mphepete mwa chithunzicho munkaoneka dzanja la mwamuna litamuchirikiza kamutu. Mzime ankati ndi dzanja la adokotala. Ine kuchipatalako kunalibe. Ndinali chigonere kunyumba, mimba yanga yachitatu itangopita padera, amuna anga ali ku maphunziro a sabata yathunthu.

Pansi penipeni pa chithunzi chimenecho ndi pamene pankakhala kompyuta.

2

Chaka chimene Kabatani anakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, kompyutayo inayamba kudandaula. Ukangoiyatsa pankabwera uthenga woti sisitimu yake yakalamba, iikidwe yatsopano.

"Bambo, chinthu chanuchi chikuti chakalamba, chikufuna kusinthidwa," ndinawauza tsiku lina.

"Nanga inu simunakalambe? Ndakusinthani?" Anaseka okha. Kenako nkhope inasintha. "Musaigwiregwire, mayi. Inu zanu ndi singano. Muli ntchito za anthu mmenemo."

Ndinamvera. Koma patapita mwezi, sukulu ina inandipatsa ntchito yosoka mayunifolomu, n'kunditumizira chizindikiro chawo kuti ndione mapetedwe ake. Kompyuta inakaniratu kuchitsegula. Amuna anga n'kuti ali ku maphunziro enanso. Ndinaitana mayi wina wokonza makompyuta, amene ndinkamusokera madiresi.

Anabwera Lachiwiri m'mawa ndi kachikwama ka mawaya. Anali mayi wosakonda zolankhulalankhula, koma wofotokoza bwino.

"Tisanaike sisitimu yatsopano, titulutse kaye katundu yense," anatero akulumikiza kabokosi kake kosungira zinthu. "Zili ngati kufolera nyumba. Mipando imadikira panja."

Tinayamba kusamutsa. Nyimbo, makalata, mbuzi zodwala zija. Kenako anaima, n'kusendera pafupi ndi sikirini.

"Pali foda ina yobisidwa apa. Akuti Malipoti a Feteleza. Koma asisi, malipoti amtundu wanji olemera chonchi? Akuposa katundu yense kuphatikiza pamodzi."

"Tatsegulani tione."

Chithunzi choyamba chinali cha Mzime, atavala diresi yobiriwira imene ndinamusokera ine. Anakhala pamiyendo ya amuna anga. Pansi pake panali mawu olembedwa mwaudongo ngati a munda wa nyemba: "Mtima wanga," ndi tsiku lake.

Mayi wa makompyuta anadzuka n'kukaima pawindo, akuyang'anitsitsa mtengo wa mandimu ngati sanauonepo chibadwire.

Ndinadina chachiwiri, chachitatu. Ena anajambulira kumalo amene sindikuwadziwa. Koma chachisanu ndi chinayi anajambulira kuchipinda kwanga, pa nsalu ya pabedi imene ndinailumikiza zigamba mwezi wathunthu. Tsiku lake ndinalikumbuka: ndinali kuchipatala kudikirira amayi atachitidwa opaleshoni ya diso. Pakona pa sikirini panalembedwa kuti zithunzi zonse zilipo mazana anayi ndi mphambu. Ine ndinafika pa khumi ndi ziwiri.

"Tsekani," ndinatero.

Anabwera n'kutseka. "Ndifufute?"

"Ayi. Chisatayike ngakhale chimodzi. Mukamaliza mubwezeretse pomwe zinali, zobisika momwemo."

Sisitimu yatsopano inatenga maola atatu kulowa. Kamzere ka pa sikirini kankayenda ngati nkhono. Ine ndinakhala pamakina n'kusoka mipendero ya masiketi makumi awiri, yonse yowongoka bwinobwino. Sindinalire. Ndinadabwa nane.

Itatha, anandionetsa zatsopano. Anati kompyutayo ikakhala mphindi khumi osagwiridwa, imayamba kuonetsa zithunzi payokha, chimodzichimodzi. Anandionetsa ndi zithunzi za maluwa.

"Mumangoiuza foda yoti izitengamo, apa."

"Foda iliyonse?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iliyonse."

"Tandionetsaninso kachiwiri. Pang'onopang'ono."

3

Amuna anga anabwera Loweruka. Atangoona sikirini yasintha, chikwama chinawagwa m'manja.

"Ndinati chiyani ine? Ndinati chiyani?"

"Pepani bambo, inali ntchito ya sukulu. Koma akuti sanataye kanthu."

"Kandiikireni madzi osamba."

Ndinapita, koma ndinaima kuseri kwa katani. Ndinawaona akusakasaka, thukuta lili kamukamu, poti zinthu zonse zinali zitasintha malo. Kenako anaipeza foda yawo, ili yobisika monga anaisiyira. Anapuma mpweya wautali ngati ng'ombe yomasulidwa pangolo. Pomwe ankakasamba n'kuti akuimba mluzu.

Pa chakudya anandiuza nkhani yabwino: awakweza pantchito, akhala mkulu wa alangizi onse.

"Zimenezi n'zofunika phwando," ndinatero. "Tiitane abwana anu ndi akazi awo, azimayi a kwaya, amayi, ndi Mzime."

"Mzime ali kutali, musamuvutitse."

"Alamu ake akwezedwe iye osabwera? Ndimusokera ndi diresi yomwe."

Ndinali ndi masabata atatu. Owerenga, ndisakunamizeni, anali masabata okoma. Ndinkawasitira malaya amuna anga mpaka kolala kuima ngati lata. Ndinkawathirira shuga mu tiyi n'kuwatakasira. Akamamwa, ine ndinkayang'ana pakhosi pawo n'kumawerenga masiku.

Mzime anabwera kudzayesa diresi kutatsala masiku anayi. Ndinamusankhira nsalu yofiira, yoti munthu aonekere patali. Anaima pampando, ine ndikuzungulira ndi mapini pakamwa.

"Achemwali, inu ndiye mayi anga enieni," anatero akudziyang'ana pagalasi. "Ndikanakhala ndani popanda inu?"

"Ima bwino."

"Alamu ali ndi mwayi. Akazi ngati inu anatha."

Pini inalowa m'chiuno.

"Mayo! Mwandibaya!"

"Pepa mwana wa amayi, dzanja laterereka. Ukalamba."

Kamagazi kanatuluka, koma pansalu yofiira sikanaoneke.

Chinthu chimodzi chokha sindinachite m'masabata atatuwo. Sindinatsegulenso foda ija. Khumi ndi ziwiri zija zinandikwana. Ndinkati zotsalazo ndi zomwezomwezo, diresi yosiyana, bedi losiyana.

4

Lamlungu linafika. Ndinadzuka m'mamawa, amuna anga akusamba, n'kuiuza kompyuta foda yoti izitengamo, monga anandiphunzitsira. Kenako ndinaizimitsa. Ndinachotsa kiyibodi n'kuika pamwamba pa kabati, ati kuti pakhale malo a mbale. Ndinatembenuza mausi, n'kuchotsa batire yake, n'kuiponya m'chitini cha mabatani. Mipando ndinaiyala moyang'ana kukhoma la kompyuta. Wa amayi ndinauika patsogolo, poti diso lawo limodzi ndi lofooka.

Alendo anafika masana. Abwana ndi amuna anga anakhala pakhonde, akukamba za mvula. M'nyumba munali akazi a abwana, azimayi anayi a kwaya, amayi, ndi Mzime ali psuu ngati duwa.

Za mwana ndinali nditaziganizira. Ndinamuitana kukhitchini.

"Kabatani, tenga mabotolo awa ukagule zakumwa ku golosale ya kutsidya kwa mlatho. Osati yapafupiyi, zawo n'zotentha. Usathamange."

Kupita ndi kubwera ndi theka la ola. Atangotuluka, ndinayatsa kompyuta, ndikunena kuti tiikemo nyimbo nthawi ina, ndipo ndinayamba kugawa keke. Mphindi khumi ndi zazitali, abale. Ndinamuikira Mzime chidutswa chachikulu kuposa onse.

Sikirini inathima pang'ono, n'kuwalanso.

Ndinali nditakonzeka kuona diresi yobiriwira. Koma Lachiwiri lija, pamene ndinkaona fodayo, zithunzi zinandandalikidwa kuyambira zatsopano. Sisitimu yatsopanoyi inayambira kumayambiriro, ku zakale zenizeni, zimene ine sindinafikeko.

Panabwera Mzime ali kamtsikana, mimba ili kutsogolo. Amuna anga atagwada, khutu lili pamimbapo. Pansi pake: "Tikukudikira."

Ndinasiya kudula keke.

"Ee, si alangizi awo?" anatero akazi a abwana, akukonza magalasi.

Chithunzi chinasintha. Chipinda cha kuchipatala. Khanda mu shawelo yachikasu. Chinali chithunzi chomwe chija cha pakhoma, chimene chinali pamwamba penipeni pa sikirini, koma ichi chinali chosadula. Dzanja la adokotala lija linali ndi mkono, mkonowo unali ndi phewa, ndipo paphewapo panali mutu wa amuna anga, akuseka mano onse. Pambali pawo panaima amayi anga ondibala, atanyamula fulasiki, nawonso akumwetulira.

Maso a anthu onse ankakwera pakhoma, kutsika pa sikirini, kukweranso.

Kumbuyo kwanga mabotolo analira. Golosale ya kutsidya satsegula Lamlungu, ndipo mnansi anamubweza mwanayo asanafike n'komwe pamlatho. Kabatani anali ataima pakhomo. Anali mwana wodziwa kuwerenga, woyamba m'kalasi mwake, ndipo chilichonse cholembedwa ankachiwerenga mokweza.

"Mwana... wanga... woyamba," anawerenga, "ndi agogo ake."

Anayang'ana chithunzi cha pakhoma. Kenako anandiyang'ana ine.

Mzime anakuwa. Amuna anga analowa chothamanga, n'kugwira mausi, kuigwedeza, kuimenyetsa patebulo. Zithunzi zinkangosinthabe modekha: ubatizo wa khanda lija, diresi yabuluu, gombe linalake, bedi langa. Anasaka kiyibodi osaiona. Pomaliza anagwada n'kukwawira pansi pa tebulo kukazula waya, ndipo podzuka anagunda mutu, keke yonse n'kugwera pansi.

Abwana anavala chipewa chawo. Azimayi a kwaya anatuluka mondondozana, mbale zili m'manja, poti anaiwala kuzisiya. Mzime anathawira kuseri osavala nsapato imodzi, ndipo diresi yofiira ija inaonekadi mpaka kumapeto kwa msewu.

5

Tinatsala anayi.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa amuna anga, kirimu ya keke ili paphewa.

"Mukundifunsa ine, bambo? Ine zanga ndi singano. Kapena ndi sisitimu yatsopanoyi, akuti imafukula zinthu yokha."

Anakhulupirira. Munthu amene wakhala akukupusitsa zaka khumi savomera msanga kuti ungamuposenso nzeru.

Ndinatembenukira kwa amayi. Anali atagwira m'mphepete mwa mpando ndi manja onse awiri.

"Fulasiki ija inali yanga, amayi. Munandibwereka mukuti mukupita kukaona wodwala wa kumpingo."

"Ndinkakusungira banja, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Ndinati ukadziwa, utsala wopanda mwamuna, wopanda mwana, wopanda m'bale. Ndinati bola mwanayo akulire m'manja mwako."

"Ndiye munandipatsa mwana wa amuna anga kuti ndilere, ine n'kugwada kukuthokozani."

Mpaka lero sanayankhe, ngakhale ndimawaperekezabe kuchipatala.

Amuna anga anachoka Lachitatu, katundu atamumangirira panjinga yamoto. Kompyuta anaisiya, ati ili ndi ziwanda. Udindo uja anaugwira miyezi iwiri yokha, kenako anapempha okha kuti awasamutsire kutali, poti alimi ankati akawaona ankafunsa ngati malipoti a feteleza atuluka. Ndi Mzime sanakhalitse. Chikondi chawo chinkakoma chili chobisidwa. Atachiika poyera chinauma ngati mbande yozulidwa masana.

Amuna anga asanachoke anakamulalatira mayi wa makompyuta pashopu pake, anthu akuonerera. Mayiyo sanandiulule. Kwa miyezi ingapo azibambo a m'dera lathu anasiya kumupititsira makompyuta, ati sisitimu yake imaulula zinsinsi. Tikakumana pamsewu ankangondipatsa moni, ine n'kuyang'ana pansi.

Mzime atabwera kudzatenga mwana wake, Kabatani anakalowa pansi pa makina anga, pamalo ake akale, miyendo yaitaliyo ataipinda, n'kugwira chitsulo chopondera. Anamukoka, anamunyengerera, osatheka. Mzime anabwerera yekha.

Madzulo ake, ndikumupesa tsitsi, anandifunsa.

"Amayi, inu munkadziwa?"

"Ayi, mwanangu."

"Ndiye zinatuluka bwanji?"

"Ndi kompyuta. Imachita yokha."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuwerenga mokweza. Chithunzi cha pakhoma anachitsitsa yekha. Munthu amene ankamutcha ababa sanamutchenso dzina lililonse. Akamuimbira foni amangoti "ee" ndi "ayi".

6

Kabatani tsopano ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Kusukulu amaphunzira za makompyuta, ndipo aphunzitsi ake akuti ali ndi mutu. Mwezi wathawu kompyuta ija inayambanso kudandaula kuti yakalamba. Anati aikonza yekha.

Anakhala pampando, ine ndili pambali ndikusomeka mabatani pamalaya a kasitomala. Kamzere kaja kankayenda pang'onopang'ono ngati kale.

"Amayi," anatero osandiyang'ana, "mukudziwa kuti kompyuta sitsegula yokha foda yobisidwa? Ngakhale sisitimu ikhale yatsopano bwanji. Pamafunika munthu aiuze."

Singano inaima.

"Mwaphunzira kusukulu zimenezo?"

"Ayi. Kusukulu angonditsimikizira." Anapisa m'thumba la siketi n'kuika kanthu patebulo. Inali batire yaing'ono, yochita dzimbiri kumutu. "Ndinaipeza mawa lake, m'chitini cha mabatani. Munaiwala kuti chitini chija chinali changa."

Zaka zisanu ndi zitatu. Mwana ameneyu wadya nane mbale imodzi, wandisisita msana ndikadwala, wanditcha amayi m'mawa uliwonse, ali ndi batire imeneyi.

"Bwanji sunanene?"

"Ndimadikira mundiuze nokha. Aliyense m'banja muno anandinamizapo. Ndimafuna ndione ngati inu mudzasiye."

Ndinangoti, "Ndipatse masiku ochepa." Iye anati, "Ndadikira kale zambiri," n'kubwerera ku sikirini yake.

Masiku ochepawo ndi amene ndalembera nkhaniyi.

Owerenga anzanga, mwina mukudikira kuti ndinene kuti kubwezera n'koipa, ndikanakhululuka. Sindinena bodza linanso. Za amuna aja ndi Mzime sindidandaula ngakhale pang'ono. Ndikakumbuka bambo wamkulu akukwawa pansi pa tebulo, kirimu ili paphewa, mtima wanga umazizira bwino ngati ndamwa madzi a mumtsuko. Atandibwezera Lamlungu lija, batire ndingaichotsenso.

Koma ndinaona zithunzi khumi ndi ziwiri n'kuganiza kuti ndadziwa mlandu wonse. Ndinaopa kudzipweteka ndi zotsalazo, ndiye ndinazisiya kuti zikagwere aliyense amene waima pakhomo. Ndikanalimba mtima n'kuziona zonse mazana anayi ndekha, mwana uja akanamva za bambo ake ali pamiyendo panga, chitseko chili chotseka, osati kuziwerenga yekha pamaso pa kwaya. Ngati muli ndi foda yanu imene mukuisungira tsiku lake, iyambeni mwaiona mpaka pansi, ndipo mudziwe amene adzakhale kumbuyo kwanu.

Kwa inu mayi wa makompyuta, amene munanyamula mlandu wanga osatsegula pakamwa: sisitimu yanu inalibe vuto. Anthu adziwe.

Ndipo iwe Kabatani, funso lako lija ndikuyankha tsopano. Za iwe sindinkadziwa, ndikulumbira. Koma foda ndinasankha ndine, mipando ndinayala ndine, batire ndinachotsa ndine. Magazini imene itulutse nkhaniyi ndiisiya pamakina, pambali pa chitini chako. Ukaipeza, ubwere nayo pakhonde. Ngati ungathe, undiwerengere mokweza.